Thanthwe limene tidatsala pang'ono kuletsedwa kukwera ku Dedza: lipoti la mmene mkangano udayambira ndi mmene udathera

Lipoti ili ndalembera anzanga amene amatsegula njira zokwerera pa matanthwe, aphunzitsi a masewera amenewa, komanso aliyense amene amatsogolera alendo kumapiri a m'chigawo chapakati. Likufotokoza nkhani ya thanthwe lina la m'boma la Dedza, kuyambira tsiku limene tidapeza zitsulo zathu zitamasulidwa mpaka pamene eni mudzi adatilolanso kukwera. Sinditchula dzina la thanthwelo, la mudzi kapena la munthu aliyense, chifukwa chimodzi mwa zimene tidapangana ndi eni malo n'chakuti malowo asamalengezedwenso mwachisawawa. Ine ndidali mmodzi mwa amene adaboola mabawuti oyamba pamwalapo, ndiponso gulu lathu lidasankha ineyo kuti ndizilankhula ndi mudzi, choncho zolakwa zambiri zimene zili m'munsimu ndi zanga.

Malowo ndi chilolezo choyamba

Aliyense amene adayendapo mumsewu wa M1 kuchokera ku Lilongwe kulowera ku Ntcheu amawadziwa mapiri amiyala amene amaima pakati pa minda mbali zonse za msewu. Phiri la Dedza limafika mamita 2,198, ndipo tauni ya Dedza ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 85 kuchokera ku Lilongwe, kotero kuti munthu angathe kunyamuka mumzinda m'mamawa, kukwera tsiku lonse, n'kukagona kwawo. Mwala wa thanthwe lathu ndi wa mtundu wa granite, wolimba ndi wokakala, umene nsapato imagwira bwino. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala umakhala wouma, ndipo kuzizira kwa Juni ndi Julayi kumathandiza kuti manja asachite thukuta.

Thanthwelo lili kunja kwa nkhalango yotetezedwa ndi boma, pa malo oyang'aniridwa ndi mafumu, ndipo lili ndi zigawo zitatu. Kumanzere kuli khoma lopendekeka loyenera ophunzira, pakati pali khoma loongoka, ndipo kumanja mwala udawerama n'kupanga phanga lalikulu lokhala ndi denga lotulukira kunja. Okwera odziwa amakonda malo owerama otere chifukwa amafuna mphamvu ndi luso, komanso munthu akagwa ali pamwamba amangolendewera pachingwe osagunda mwala. Njira zathu zabwino koposa zidali kuphangako.

Tisanaboole bawuti ngakhale limodzi tidapita kwa a nyakwawa a mudzi wapafupi, tidapereka ulemu monga mwa mwambo, n'kufotokoza chimene tikufuna. Iwo adavomera, ndipo adatiuza kuti tikaonanenso ndi bambo amene amalima munda wa m'tsinde mwa thanthwe, popeza kanjira kofikira pamwalapo kadayenera kudutsa m'mundamo. Bamboyo adali wansangala, adavomera nthawi yomweyo, ndipo tidamvana kuti ulendo uliwonse tizisiya kangachepe kwa a nyakwawa ndi kangachepe kwa iye. Tidalemba kalata, a nyakwawa adadindapo chidindo, ine n'kuisunga bwino. Tidakwera nyengo ziwiri popanda vuto looneka, ndipo ndidakhulupirira kuti nkhani ya chilolezo idatha. Pa zokambirana zonsezi padalibe mayi ngakhale mmodzi, koma ine sindidaone kuti pali chikusoweka.

Zizindikiro zoyamba

Pa njira za mtundu umene timapanga, timaboola mwala n'kulowetsamo bawuti la chitsulo chosachita dzimbiri, la mamilimita 10 kapena 12, limene limatanuka mkati n'kugwira mwala munthu akamanga nati. Natiyo imapana kambale kachitsulo kokhala ndi bowo, ndipo pabowopo m'pamene wokwera amakoleka ngowe ndi chingwe chake pamene akukwera. Kumayambiriro kwa nyengo yachitatu, mu Meyi, mnyamata wina wa gulu lathu adayamba kukwera njira ina ya kuphanga, ndipo atafika pamene pamakhala kambale koyamba adapeza bawuti lokha lopanda nati. Adapitirira poganiza kuti ndi pokhapo, koma pachiwiri napo padalibe kambale, ndipo apa n'kuti atafika kale poti akadagwa akadamenyetseka pamiyala ya pansi chingwe chisanamugwire. Adatsika pang'onopang'ono mmene adakwereramo, manja akunjenjemera, ndipo mwamwayi sadavulale.

Tonse tidangoti ndi akuba. Ogula zitsulo zakale amayendayenda m'midzi, ndipo zidaoneka zomveka kuti ana amasula timbaleto kuti akagulitse. Tidaika tina tatsopano, tidayamba kusonkha ndalama zogulira mabawuti omata ndi guluu amene samasulika ndi sipanala, ndipo ine ndidapita kwa a nyakwawa kukapempha kuti achenjeze ana a m'mudzi. Pambuyo pake ndidamva kuti pempho limeneli lidawawitsa mitima ya makolo, chifukwa alendo amene amaponda minda yawo adayamba tsopano kutchula ana awo kuti ndi mbava.

Pali chinthu chimene chidali poyera koma ndidachiphonya. Timbale tochotsedwato tidali ta kuphanga tokha, pamene ta khoma la ophunzira, timene tili pansi kwambiri moti mwana angafikire ataimirira pamwala, sitidakhudzidwe. Wakuba sasiya chapafupi n'kukavutikira chakutali. Patapita milungu iwiri tidapeza timbale tonse, pamodzi ndi manati ake, titaunjikidwa mosamala pamwala wathyathyathya wa pakhomo pa phanga. Ndidatanthauzira kuti ana achita mantha ndi chenjezo la a nyakwawa, pamene kwenikweni munthu wina amatiuza kuti katundu wathu sakumufuna, koma tichoke naye pamalopo. Kenaka nthambi zaminga zidayamba kupezeka zitapingasa kanjira, ana amene ankabwera kudzaonerera adasiya, ndipo amayi amene tinkagulako mbatata ya kachewere ankangoyankha moni ndi mawu amodzi. Mu Juni nduna ya a nyakwawa idandiimbira foni n'kunena kuti: "Achimwene, a mfumu akuti mubayamba mwaima kaye kubwera kuno mpaka tikhale pansi."

Apa m'pamene gulu lathu lidayenera kusankha koyamba. Ena adati tili ndi kalata yodindidwa, choncho tipite nayo kwa mfumu yaikulu kapena ku ofesi ya bwanamkubwa kuti atiteteze, makamaka popeza moyo wa munthu udatsala pang'ono kutayika. Mkwiyo wawo ndidaumvetsa, koma ndidakana, ndipo chifukwa chake ndikufuna anzanga a ntchitoyi achiganizire bwino. Ife timabwera Loweruka ndi Lamlungu, koma zitsulo zimene timapachikapo moyo wathu zimatsala ndi eni mudzi masiku onse, usana ndi usiku. Kalata ingathe kutipambanitsa pa mlandu, koma singaletse munthu wokwiya kumasula nati pang'ono pokha poti sitingaone tili pansi. Komanso kudumpha a nyakwawa n'kukasuma kumwamba kukadawachititsa manyazi pamaso pa anthu awo, ndipo mfumu yochititsidwa manyazi singakhalenso mkhalapakati. Tidalengeza kwa okwera onse amene timawadziwa kuti thanthwe lonse latsekedwa, ngakhale zigawo zimene padalibe chovuta, ndipo tidataya nyengo yonseyo.

Zimene zidatuluka pabwalo

Kubwalo sindidapite ndekha. Ndidapempha mkulu wina wopuma pa ntchito ya ulangizi wa zaulimi, amene adakulira m'dera lomwelo ndipo amadziwa mayankhulidwe a pabwalo, kuti akatilankhulire. Woyamba kuimirira sadali bambo wa munda uja ayi, koma malume a mkazi wake, mwini mbumba. Iwo adafunsa modekha kuti kodi ndi liti pamene mkamwini adayamba kugawa malo a eni ake. Funso limeneli lidandilasa, chifukwa inenso kwathu timatsata kuchikazi, ndipo ndimadziwa bwino kuti pa chikamwini mwamuna amalima munda wa banja la mkazi wake koma alibe mphamvu youbwereketsa. Ndidangoona mwamuna ali ndi khasu m'munda n'kumutenga ngati mwini wake. Mundawo udali wa mayiyo ndi abale ake aakazi awiri, ndipo ndalama zimene tinkasiya sizidafikepo m'manja mwa aliyense wa iwo.

Kuonjezera apo, kanjira kathu kadalunjika phiri modula mizere m'malo motsata m'mbali mwa chitunda. Mapazi a nyengo ziwiri adagangata dothi, ndipo mvula ya Januwale itabwera, madzi onse otsika pathanthwe adatsata kanjirako n'kukumba ngalande imene idakokolola mizere ya kachewere ndi nyemba ya mmodzi wa amayiwo. Ife sitidazione chifukwa nthawi ya dzinja sitibwera. Ili ndi phunziro limene ndimabwereza kwa aliyense wotsegula malo atsopano, kuti apite kukaona kanjira kake mvula ili mkati, popeza thanthwe lopanda dothi limatsitsa madzi onse nthawi imodzi ngati denga la malata.

Dandaulo lachiwiri lidali la miyala ya mtengo wapatali. Anthu ankamva kulira kwa makina oboolera, ankaona fumbi loyera, azungu ndi zikwama zolemera, ndipo mbiri idafala yakuti tikufufuza miyala ndipo malowo adzalandidwa. Mantha amenewa sadali opanda maziko, chifukwa ku Ntcheu komweku, paphiri la Chimwadzulu, kumapezeka miyala ya ruby ndi sapphire, ndipo anthu amadziwa zimene zimachitika malo akapezeka ndi chuma. Nkhaniyi idatha msanga. Tidakhuthula zikwama pabwalo, tidaonetsa zingwe ndi malamba a m'chiuno, ndipo mnyamata wina wa m'mudzimo adaboola yekha mwala umene tidatola pafupi, onse n'kuona kuti bowolo ndi lalifupi ngati chala.

Bwalo lidabalalika anthu akumwetulira, ndipo ine ndidaganiza kuti tamvana. Koma tili m'njira mkulu uja adandiuza kuti: "Mwana wanga, mlandu weniweni sunatuluke. Kodi waona mmene amayi aja akhalira chete? Munda sunamasule zitsulo zako kuphanga." Adandilangiza kuti ndisafunsenso mwamuna aliyense, ngakhale a nyakwawa amene, ndipo ndisapite ndekha kwa amayiwo chifukwa sadzandiuza kanthu.

Pamene nkhani idatembenukira

Amayi awiri a gulu lathu adadzipereka. Adapita pakati pa sabata atavala zitenje, opanda chingwe kapena chisoti, n'kukakhala pamphasa ndi amayi a m'mudzimo akuthandiza kutonola chimanga. Ulendo woyamba ndi wachiwiri sadamve chilichonse chokhudza phanga. Ulendo wachitatu gogo wina, amene ndi namkungwi wa m'mudzimo, adawatengera pambali n'kuwauza zimene adatha kuwauza. Phangalo ndi malo a amayi, okhudzana ndi chinamwali, ndipo amuna a m'mudzimo sayandikirako. Ine sindidauzidwe zonse, ndipo zina zimene ndidauzidwa sindizilemba muno. Chimene ndinganene n'chakuti kwa nyengo ziwiri amayiwo ankaona amuna achilendo ali pachifuwa pamtunda akukuwa m'phangamo, akudyeramo, ena akukodza kuseri kwa mwala, ndipo tsiku lina mnyamata wina adawaonetsa pafoni chithunzi cha phangalo chili pa Facebook.

Nkhani yotere sinenedwa pabwalo pamaso pa amuna ndi ana. Amayiwo adadandaula kwa akazi a nyakwawa, koma a nyakwawa adali atalandira kale ndalama zathu n'kudinda kalata, ndipo adasowa poyambira. Ndiye amayiwo adatuma adzukulu awo madzulo ndi makwerero a nsungwi komanso sipanala yobwereka kwa wokonza njinga. M'maganizo mwawo kuchotsa timbaleto kudali ngati kutseka chitseko kuti mlendo aone yekha n'kubwerera. Sadadziwe kuti wokwera amazindikira kusowa kwa kambale ali kale m'mwamba, ndipo atamva za mnyamata uja gogoyo adagwira pakamwa kwa nthawi yaitali. Ndikulemba zimenezi motsindika chifukwa tikadapita kupolisi, monga ena ankafunira, tikadamangitsa ana amene adangomvera agogo awo pa nkhani imene ife tidaiputa.

Gogoyo adalowanso ndi amayi athu m'phangamo n'kuwalozera kukhoma la mkati. Pansi pa mwaye padali zojambula zoyera zozilala, zimene ife tinkaziyesa zitosi za mbalame kapena mikwingwirima ya madzi. Bawuti lathu lina lidali pamwamba pa chojambula chimodzi, motalikirana ngati mkono wa munthu, ndipo choko chimene timapaka m'manja kuti asaterere chidali chitadetsa m'mphepete mwake. Tonse tinkadziwa za dera la Chongoni, limene bungwe la UNESCO lidaliika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006, lokhala ndi malo ojambulidwa 127 pa dera lalikulu masikweya kilomita 126.4. Tinkadziwa kuti zojambula zofiira zimanenedwa kuti n'za Akafula kapena kuti Abatwa, ndipo zoyera, zopakidwa ndi dothi loyera, n'za makolo a Achewa, zambiri zokhudza chinamwali ndi Nyau. Ena mwa ife tidafikapo ku Mphunzi, ku Namzeze ndi ku Chentcherere. Koma popeza thanthwe lathu silili pakati pa malo amene alendo amakaona, sitidaganizepo zounika m'phangamo ndi tochi tisanaboole. Ojambula akale sankatsata malire a pamapu, ndipo m'boma la Dedza phanga lililonse louma liyenera kuyesedwa lojambulidwa mpaka munthu wodziwa atatsimikiza kuti mulibe. Akuluakulu amati safunsa adadya phula.

Lamulo la dziko lino la 1990 loteteza zipilala ndi zinthu zakale limateteza zojambula zotere, choncho tidayenera kudziwitsa a boma oona za zinthu zakale. Koma amayiwo ankaopa kuti boma likadziwa, malowo adzadzaza ndi alendo ojambula zithunzi, zimene zikadakhala zoipa kuposa ife. Sindidafune kuchitanso chinthu kumbali kwa eni ake, ndiye tidayamba tawafotokozera chifukwa chake sitingabise, tidamvana mawu oti tikanene, ndipo tidapempha kuti malowo alembedwe m'kaundula koma asalengezedwe. Katswiri amene adabwera adatiletsa kutsuka choko ndi madzi kapena kukwecha ndi bulashi pafupi ndi zojambulazo, chifukwa dothi loyeralo limangokhala pamwamba pa mwala ndipo likadachoka limodzi ndi chokocho. Banga limene tidapanga lilipobe mpaka lero.

Chisankho chovuta koposa chidali chotseka phanga lonse mpaka kalekale. M'gulu mwathu mudabuka maganizo atatu ofuna kupulumutsako njira zina: kuti tizitseka nyengo ya chinamwali yokha, kuti tiletse choko koma tizikwerabe, kapena kuti kuphangako kuzikwera amayi okha. Loyamba lidagwa chifukwa malowo sasiya kukhala a amayi mwambo ukatha. Lachiwiri silikadatheka kulitsata, popeza sitingafufuze m'thumba la mlendo aliyense, ndiponso nsapato ndi zala zokha zimaperesa mwala. Lachitatu tidalipereka kwa namkungwi, ndipo iye adalikana mwaulemu ponena kuti vuto si amene akukwera koma kuti pamalopo si posewerera. Anzathu awiri adachoka m'gulu chifukwa cha chisankhochi. Mmodzi adali atagula mabawuti ambiri a kuphangako ndi ndalama za m'thumba mwake, zitsulo zochita kuitanitsa kunja, ndipo adathera miyezi akuyeretsa njirazo. Ululu wake ndimaumvabe, ndipo sindimuweruza. Koma ndidaona kuti tikakakamira gawo limodzi titaya onse atatu, ndiponso, kupatula za phindu lathu, phangalo silidali lathu kuti tizinenerera.

Ntchito yochotsa zitsulo idagwiridwa ndi amayi a gulu lathu okhaokha, pa tsiku limene namkungwi adasankha, akutsika ndi chingwe kuchokera pamwamba. Adamasula timbale tonse. Mabawuti akutali ndi zojambula adawakhomera mkati pamene bowo lidali lozama mokwanira, ena adawadula molingana ndi mwala, n'kutseka mabowo ndi guluu wosakaniza ndi fumbi la mwala womwewo kuti asaoneke. Oyandikana ndi zojambula adawasiya mmene adaliri potsata langizo la katswiri uja, chifukwa kugwedeza kwa nyundo kukadatha kugamula khungu la mwala. Anzanga obowola aphunzirepo kuti bowo lozamirapo pang'ono kuposa bawuti limapatsa mwayi wobisa chitsulocho mosavuta tsiku limene chidzafunike kuchoka.

Pangano latsopano ndi kuyesedwa kwake

Pabwalo lachiwiri tidapereka mbuzi ngati chipepeso cha kuphanga, ngakhale kuti dzina la mlanduwo silidatchulidwe, ndipo aliyense adamvetsa. Mayi amene mizere yake idakokoloka tidamupatsa mbewu ndi feteleza m'manja mwake, malume ake akuona. Kanjira tidakasamutsira m'malire a minda ya mabanja awiri, kokhotakhota kuti madzi asathamange, tidaika masitepe amiyala pamalo otsetsereka, n'kudzala udzu wa vetiva m'mbali ndi m'ngalande yakale ija. Ntchitoyo idagwiridwa ndi anthu a m'mudzimo ngati ganyu wolipidwa, ndipo tidakumbanso chimbudzi kutali ndi mwala. Kanjira katsopanoka n'kotalikirapo, ndipo okwera ena amadandaula akasenza zikwama, koma palibe mzere wa munthu umene umapondedwa.

Ndalama sizipitanso kwa munthu mmodzi. Mudzi udasankha komiti imene theka lake ndi amayi, kuphatikizapo mmodzi wa eni munda, ndipo zonse zolowa ndi zotuluka zimalembedwa m'buku limene limawerengedwa pamsonkhano wa mudzi. Lamulo la malo a mafumu la 2016 nalo limafuna kuti pa anthu 6 osankhidwa m'komiti ya malo, osachepera 3 akhale amayi, ndipo titatchula zimenezi ngakhale amuna amene ankanyinyirika adaleka. Gawo la ulemu la a nyakwawa lidatsala, koma limaperekedwa poyera. Gulu lililonse la okwera limayenda ndi wolondolera wa m'mudzimo. Mfundo imene ndimaiona yofunika koposa ndi ya masiku otseka. Nyengo yathu yokwera imakumana ndi nyengo imene anthu akolola ndipo zinamwali, ziliza ndi Gule Wamkulu zimachuluka, choncho tidavomera kuti komiti ikangotumiza uthenga wakuti sabata ino musabwere, sitifunsa chifukwa. Zimenezi zidamasula amayiwo ku mtolo wofotokozera amuna achilendo zimene sayenera kufotokoza. Maliro akagwa m'mudzi sitikwera, ndipo tikakhala kuti tafika kale timakakhala nawo pasiwa.

Tidayambanso kukwera Meyi wotsatira, ndipo panganolo lidayesedwa mu Seputembala. Pa sabata yotseka kudafika galimoto ya alendo amene si a gulu lathu, atatsata malo amene tidaika pa intaneti zaka za m'mbuyo n'kuiwala kuchotsa. Wolondolera wathu, mnyamata wa zaka zosakwana makumi awiri, adakumana nawo pakanjira n'kuwabweza, ngakhale ankamuonetsa foni kuti malowo ndi otsegula. Koma mmodzi wa iwo adali atadutsa kale n'kufika pafupi ndi phanga. Mudzi udatiitana n'kunena kuti taswa pangano. Ena mwa ife adati anthuwo sitiwadziwa ndipo sitingalipire mlandu wa eni, koma ine ndidalimbikira kuti tilipire chindapusacho, ndipo tidalipira. Kwa munthu wa m'mudzi, aliyense wosenza chingwe ndi mmodzi wa ife, ndipo kunena zoona njira adailozera ndife. Tidachotsa malowo paliponse pamene tidatha, tidalembera amene adakopera kuti nawonso achotse, ndipo pamene padali mapu padatsala uthenga wakuti wofuna kukwera ayambe walankhula ndi gulu lathu kuti limulumikize ndi komiti. Nkhani za njira zokwerera zimakhala pa intaneti nthawi yaitali kuposa mapangano amene zidalembedwera, choncho wotsegula malo aganize kawiri asanaike mapu.

Mmene zinthu zilili tsopano

Chitsegulireni palibe kambale kamene kamasulidwanso. Anyamata awiri mwa amene adatumidwa ndi sipanala aja ndi amene tsopano amayendera timbale ta pansi mwezi uliwonse n'kutiuza ngati nati yakhwefuka, ndipo adaphunzira kugwira chingwe ndi kumanga mfundo moti amathandiza pophunzitsa ana a sukulu pakhoma la kumanzere. Komabe tidakhazikitsa lamulo m'gulu lakuti wokwera aliyense ayambe waona ndi maso timbale toyamba ali pansi, ndipo akapeza kamodzi kakusowa atsike osapitirira. Nthawi ina munthu wogula miyala yomangira adafuna kuti anthu aziphwanya miyala ya m'tsinde mwa thanthwe, imene amaitentha ndi moto kuti ing'ambike, ndipo komiti idakana yokha ife tisanamve n'komwe. Sindikufuna kukometsa nkhaniyi kuposa mmene ilili, chifukwa ophwanya miyalawo ndi anthu ofuna chakudya, ndipo adangosamukira kuchitunda china kumene kulibe wowaletsa.

Pali zinthu ziwiri zimene sizidathe. Bambo wa munda uja adachita manyazi aakulu pabwalo chifukwa cha pangano limene ine ndidamubweretsera, ndipo ngakhale ndidapita kunyumba kwake kukapepesa ndili ndi mkulu uja, mpaka pano amapewa kukumana nafe. Ndikadafunsa tsiku loyamba kuti mundawu ndi wa mbumba ya yani, bamboyo sakadalowa m'mavuto amenewa kwa apongozi ake. Chachiwiri, mudzi wa kuseri kwa phiri wayamba kunena kuti pamwamba pa thanthwe, pamene pali zitsulo zomangirira chingwe za khoma lapakati, ndi m'dera lawo, ndipo akufuna gawo la ndalama. A gulupu aitanitsa midzi yonse iwiri kuti ikumane anthu akakolola. Pakadali pano taimitsa njira ziwiri zatsopano zimene tinkafuna kuboola mbali imeneyo, ndipo amayi athu awiri aja apitako kale kawiri kukacheza ndi amayi a mudzi umenewo, opanda zingwe.